Uplink yachiwiri pa switch: ndingoilowetsa kapena pali zoti ndisamale?

Wa IT ku Zomba:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pakoleji pomwe ndimagwira ntchito, labu ya makompyuta ili ndi switch (bokosi lolumikiza makompyuta pa network) ya Aruba 2530 ya mapoti 48, ndipo uplink, kutanthauza fiber yopita kuchipinda cha seva, inali imodzi yokha. M'chipindamo muli ma switch awiri a Cisco Catalyst 2960 olumikizana ndi trunk (chingwe chonyamula magawo angapo a network, otchedwa ma VLAN), koma si stack (sagwira ntchito ngati switch imodzi). Anyamata okumba ngalande atadula fiber ija, labu inakhala yopanda intaneti mpaka tinapeza wodzailumikiza. Pano takoka yachiwiri. Abwana akuti ndiilowetse lero lomwe, ati tikhala ndi 2 Gbps, komanso ina ikaduka inzake izigwira. Ine mtima ukukana. Ndiilowetse pa Cisco yomwe pali yoyamba kapena pa inayo? Ndiike LACP (yomanga zingwe ziwiri kuti zigwire ngati chimodzi) kapena ndisiyire spanning tree (yotseka njira imodzi pakakhala ziwiri)?

Madala a ma cable:
Achimwene, mtima wanuwo ukunena zoona, musailowetse kaye. Ma switch atatuwo mukawalumikiza chonchi mwapanga loop. Frame (phukusi la data) ya Ethernet ilibe TTL, malire oithetsa ikazungulira kwambiri, ndiye ngati palibe chotseka njira imodzi, broadcast (uthenga wopita kwa onse) imodzi yokha imangozungulira n'kumachulukana. Mumangoona timagetsi tonse tikuphethira pamodzi, ping (yoyesera ngati chipangizo chikuyankha) yafa, ngakhale kulowa mu switch kuti mukonze kumakanika. Chotsekacho ndi spanning tree, ndipo pa ma Aruba amenewa imabwera yozimitsa. Lembani show spanning-tree mbali zonse muone nokha.

Vuto lina n'loti Cisco imayendera spanning tree yakeyake yotchedwa PVST, mtengo umodzi pa VLAN iliyonse, pomwe Aruba mukaiyatsa imayamba ndi ina yotchedwa MSTP. Zimamvana ndithu, koma movutikira. Ine ndikanaika MST (MSTP yomweyo) ponseponse, dzina la region (gulu la ma switch a makonzedwe ofanana a MST), revision ndi kagawidwe ka ma VLAN zifanane ndendende. Chilembo chimodzi chikasiyana pa dzinalo, ndiye kuti ndi ma region awiri. Root, switch yomwe mtengowo umayambira, imakhala ya priority yaing'ono, ndiye musankhe nokha: priority 4096 pa Cisco yoyamba, 8192 pa yachiwiri. Mukazisiya zonse pa 32768 yomwe zimabwera nayo, ufumu umapita kwa ya MAC address yaing'ono, ndipo kawirikawiri imakhala switch yokalamba yomwe munaiiwala kuseri kwa kabati. Kusintha mode kumadula network kwakanthawi, choncho dikirani ophunzira aweruke.

Mayi wa ku NOC (malo oyang'anira network):
Zomwe anena madalawa nzoona. Ine ndiyankhepo za 2 Gbps ya abwanawo. LACP imafuna kuti zingwe zonse ziwiri zithere pa switch imodzi, kapena pa ma switch omwe akuoneka ngati imodzi, monga stack kapena MLAG. Anuwo si stack, ndiye musankhe chimodzi. Mukaika fiber zonse pa Cisco imodzi ndi LACP, zonse zigwira ntchito, koma Cisco imeneyo ikafa labu yafanso. Mukazigawa pa awiriwo, ina ikhala yotsekedwa kudikirira tsoka, liwiro likhalabe 1 Gbps. Ndipo ngakhale pa LACP, kompyuta imodzi yokopera fayilo ku seva siidutsa 1 Gbps, chifukwa hash, masamu omwe switch imasankhira chingwe, imaika ulendo umenewo pa chingwe chimodzi. Phindu limaoneka ophunzira akachuluka. Abwana muwauziretu zimenezi, angadzati munadya ndalama ya fiber.

Mukasankha LACP, pa Cisco lembani mode active. Mode on siifunsa mbali inayo ngati yakonzeka, ndipo ma loop ambiri amabadwira pamenepo. Ma VLAN ololedwa ndi native VLAN (yodutsa popanda chizindikiro cha VLAN) afanane pa uplink zonse ziwiri, apo ayi tsiku loduka yoyamba mudzapeza kuti intaneti ilipo koma VLAN ya maprinta palibe.

Wa IT ku Zomba:
Zikomo kwambiri amayi. Mnzanga wina amanena za Flex Links, yoika uplink ina kukhala yodikirira inzake ikaduka, ati ndi yachangu kuposa spanning tree. Nanga imeneyo?

Madala a ma cable:
Imeneyo ndi ya Cisco, ndipo imaikidwa pa switch yomwe ili ndi uplink ziwirizo, yomwe kwa inu ndi Aruba. Komanso imazimitsa spanning tree pa mapoti omwe mwaiikawo. Kuchedwa komwe mnzanuyo akuopa ndi kwa 802.1D, spanning tree yakale, ya masekondi 30 mpaka 50. MSTP imagwiritsa ntchito RSTP, spanning tree yachangu, mkati mwake, imatembenuka mwachangu kwambiri. Musaiwale BPDU guard pa mapoti a ophunzira, yomwe imatseka poti ikalandira uthenga wa spanning tree. Mulabu simulephera kupezeka wina wolowetsa mbali zonse za patch cable m'masoketi awiri oyandikana.

Koma ndikufunseni achimwene: fiber yatsopanoyo yadutsa pati? Ngati ili mu paipi imodzi ndi yakale, khasu lomwe lija lidzadula zonse. Ma Cisco awiriwonso ngati ali pa UPS imodzi, magetsi akathima batire n'kutha, onse agona limodzi. Mukamaliza kukonza, siyani ping ikuyenda, solani fiber yoyamba ndi dzanja, muwerenge mapaketi otayika, muibwezere, kenako musole yachiwiri.

Wa IT ku Zomba:
Ndapita kukasuzumira mu manhole. Zonse zili mu paipi imodzi kuyambira pa laibulale mpaka pakhomo la labu. Ndizigawa pa ma Cisco awiriwo ndi MST Loweruka, za ngalande ina ndikakambirana ndi abwana mawa m'mawa.