Kodi ndi njoka ikumaliza tiana ta nsomba m'dziwe langa?

aPhiri, Msekera: Akuluakulu mwaswera bwanji? Mu Novembala ndinaika tiana ta nsomba 2,000 m'dziwe langa. Sabata yatha tinakoka ukonde kuti tione kakulidwe, zikuoneka kuti theka lapita, koma zakufa zoyandama sindinazionepo. M'mawa uliwonse ndimapeza njoka yobiriwira, yoonda ngati chala, m'maudzu a m'mphepete, ikandiona imathawira m'madzi. Mnyamata wanga wapha kale ziwiri. Pali mankhwala othamangitsira njoka?

aNaTembo, Katete: Mankhwala pafupi ndi dziwe ayi, bambo. Mnansi wanga anathira dizilo kuzungulira dziwe, mvula itabwera zonse zinalowa m'madzi. Nsomba analira nazo yekha.

aZulu, Lutembwe: Zophedwazo munazing'amba mimba?

aPhiri: Imodzi yokha. Munali kachule ndi kansomba kamodzi.

aMwale, Chipata: Yankho ndi lomwelo aPhiri. Tiyeni tiwerenge. Njoka simatafuna, imameza chathunthu, nsomba imaiyambira kumutu kuti minga isaigwire pakhosi. Ikakhuta imakagona masiku angapo ikugaya. Sili ngati nkhuku yomwe imatola tsiku lonse. Yobiriwira ya m'madziyo nthawi zambiri imatalika masentimita 60 basi, ilibe ululu woopsa kwa munthu, ndipo ndiwo yake yeniyeni ndi achule. Kansomba ndi kabuluzi imangothyolerapo ikapeza. Pali inanso ya m'madambo, yakuda mwa mtundu wa dothi lonyowa, yaifupi kuposa iyi, yomwe mukaigwira kumchira imaudula n'kuthawa. Nayonso ndi ya achule ndi mbululu. Ngakhale zitakhala zisanu pa dziwe panu, tiana 1,000 m'miyezi iwiri sizingamalize.

Kadyedwe ka njoka za m'madzi kamatsata malo. Ndinakhalapo ku Mpulungu, kunyanja ya Tanganyika. Kumeneko kuli ina yaikulu ya mizeremizere, ya m'banja la zija zotambasula khosi, yaululu ndithu, imakhala m'miyala ya m'mphepete mwa nyanja ndipo imamira kusaka nsomba. Imeneyo inde ndi msodzi. Koma kuno kwathu nyengo ya dzinja madambo amadzaza achule, njoka ingavutikirenji kuthamangitsa nsomba m'madzi akuya pamene chule wakhala phee paudzu?

aNaTembo: Koma aMwale, musawauze ana kuti yobiriwira iliyonse ndi yosaluma. Mbobo nayo imakhala yobiriwira.

aMwale: Mwanena zoona amai. Mbobo ndi yaitali, maso akuluakulu, imakonda m'mitengo. Amene sadziwa kusiyanitsa asagwire iliyonse.

aBanda, Chadiza: Ine ndifunse kwina. Madzi anu amalowa bwanji? Paipi yolowetsera ili ndi sefa? Musanaike mbewu ya nsomba munaumitsa dziwe n'kuthira laimu?

aPhiri: Madzi ndimapatutsa kumtsinje ndi ngalande. Sefa inang'ambika chaka chatha, sindinaikenso. Kuumitsa sindinaumitse, pakati panatsala madzi ofika m'bondo.

aBanda: Ndiye wakubayo ali m'kati momwemo. Mlamba umabisala m'matope, madzi akachepa umapuma mpweya wa kunja, ndipo usiku wa mvula umakwawa paudzu wonyowa kuchoka kumtsinje. Umodzi waukulu umadya tiana tsiku ndi tsiku, wosasiya chizindikiro. Ikani mbedza zitatu usiku ndi matumbo a nkhuku, mutiuze. Muonenso m'mphepete ngati muli mapazi a ng'azi ndi mzere wa mchira pakati.

aZulu: Kwa ine anali akakowa. M'bandakucha ali ndandanda m'mbali yosaya ngati akudikira malipiro. Ndinamanga zingwe pamwamba pa dziwe, anachepa.

aPhiri, patapita masiku atatu: Akuluakulu, manyazi andigwira. Usiku woyamba milamba iwiri, wachiwiri itatu. Waukulu titautumbula tinapeza tiana 11 m'mimba. Mapazi a ng'azi aliponso chakumunsi, kumene madzi amatulukira. Sefa ndagula ku msika wa Kapata, ndaika kale, udzu tasenga kuzungulira konse. Mnyamata ndamuletsa kupha njoka zija.

aBanda: Musalekeze mbedza mpaka padutse sabata osagwira kanthu. Mukakolola, phwetsani dziwe mpaka dothi ling'aluke, thirani laimu, ndipo mbewu yatsopano iyambe yakulira mu hapa, kakhola ka ukonde koikidwa m'dziwe momwemo.

aNaTembo: Nanga milambayo mwaitani? Ngati mwaiwamba, Loweruka ndikubwera ku Chipata, mundisungire iwiri.