Kamera yagwera mu Shire: ndigule mirrorless kapena ya zumu yaitali?

Wa boti, Liwonde
Akuluakulu nonse, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi vuto. Lachitatu lapitali kamera yanga ija, Canon 750D, inagwera m'madzi. Tinali pa boti mu Shire, mvuu inavuuka pafupi, boti linapendekeka, ine lamba ndinali nditavula m'khosi. Ndinaivuula msanga koma madzi anali atalowa kale. Madala okonza makamera a ku Limbe aitsegula, akuti palibe chopulumutsa. Lenzi ya 18-55 inali pomwepo, nayo yapita. Zomwe zatsala ndi za m'chikwama: lenzi ya 50mm f/1.8, fulashi, mabatire atatu ndi tchaja.

Mukudziwa kuti ntchito zanga ndi ziwiri. M'kati mwa sabata ndimayendetsa alendo pamtsinje, kumapeto kwa sabata ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, kuyambira kuno mpaka ku Balaka ndi ku Ntaja. Achimwene anga a ku Johannesburg akubwera pa basi kumapeto kwa mwezi, akuti nditchule kamera. Ndalama ndi za imodzi yokha.

Mtima wanga uli pa Nikon P950. Mlendo wina anabwera nayo mu Julayi, anajambula nkhwazi ili pamwamba pa mgwalangwa kutsidya, diso lake n'kumaoneka bwinobwino. Zumu yake imayambira 24 mpaka 2000mm, lenzi imodzi basi. Koma anzanga ena akuti ndigule mirrorless, kamera yosintha lenzi yopanda kagalasi m'kati, Canon R10 kapena R50. Ndipiteno kuti? Ndiye ndili ndi ukwati ku Balaka Loweruka likudzali, mwini wake analipira kale theka.

Mayi wa situdiyo, Zomba
Pepa mphwanga, zinthu zotere zimapweteka. Koma ndikufunse kaye usanatchule dzina la kamera iliyonse. Chaka chathachi, ndalama zomwe kamera inakupatsa zinachokera kuti? Osati za malipiro a boti, za kamera yokha. Tenga kope lako uwerenge.

Wa boti, Liwonde
Ndawerenga amayi. Zoona zake n'zakuti pafupifupi zonse ndi za maukwati ndi zinkhoswe, kenako zithunzi za ana omaliza sukulu. Za mbalame ndinagulitsa zisanu ndi chimodzi zokha, loji ina inazipachika pakhoma. Koma mbalamezo ndi zomwe ndimakonda.

Mayi wa situdiyo, Zomba
Ndiye mvera. Ukwati suchitikira padzuwa la pamtsinje. Umayambira m'tchalitchi cha mazenera ang'onoang'ono, n'kukathera m'holo, ndipo nthawi ya perekani-perekani dzuwa limakhala litapendeka kale. Magetsi akathima, umatsala ndi kababu kamodzi ka jenereta ka pafupi ndi DJ. Anthu akuvina, ndalama zikuuluka, mkwatibwi wawerama pang'ono, apongozi akubwera ndi lichero. Pamenepo shata, yomwe imatsegula ndi kutseka kuti kuwala kulowe, iyenera kuthamanga 1/250 ya sekondi kapena kuposa, apo ayi manja ndi nkhope zimatuluka chimbuuzi. Kuti shata ithamange chonchi mumdima, ISO, muyeso wa momwe kamera imamvera kuwala, imakwera kufika 3200, mwina 6400.

Apa m'pamene pali nkhani. Sensa ndi kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, ndipo ya P950 ndi yaing'ono ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, pafupifupi mamilimita 6 ndi 4.6. Ya R10 ndi 22.3 ndi 14.9. Ukachulukitsa, ya R10 imaposa inzakeyo maulendo oposa khumi kukula. Sensa ili ngati beseni lotchera madzi a mvula: kukakhala chimvula, kapu nayo imadzaza, koma kukamawaza ndi beseni lokha lomwe limapeza kanthu. M'holo kuwala kumachita kuwaza.

Ine ndinaphunzira movutika. Zaka zapitazo kamera yanga itapita kokonza, ndinabwereka ya zumu yaitali yotereyi n'kukajambula chinkhoswe. Pa kasikirini ka kumbuyo zonse zinkaoneka bwino. Nditasindikiza cha A3 choti chilowe mu fulemu, nkhope ya mkwatibwi inali ngati yopakidwa phala, tsitsi lonse logwirana, chitenje cha mayi ake maluwa osadziwika. Mayiwo anachiyang'ana nthawi yaitali osayankhula. Ndinabweza theka la ndalama, ndipo banja limenelo silinandiitanenso.

Wa mbalame, Dzalanyama
Amayi anena zoona pa za m'holo, sinditsutsa. Koma ndiyankhuleko ine amene P950 ndimayenda nayo tsiku ndi tsiku, chifukwa anthu amainyoza asanaigwire.

Ntchito yanga ndi kuonetsa alendo mbalame m'nkhalango. Kambalame kali pamwamba pa mtengo wa msuku, mlendo akuti sakukaona. Ndimazuma mpaka kumapeto, ndajambula, ndamuonetsa pa sikirini, tatsegula buku tagwirizana dzina. Zonsezi mphindi imodzi isanathe. Kamerayi imalemera pafupifupi kilo imodzi, ndipo sindisintha lenzi, kaya ndi gulugufe ali pamphuno panga kaya ndi chiwombankhanga chili kutali. Kuti mufike 2000mm ndi mirrorless, mufunika lenzi yaikulu ndi yodula. P950 imajambulanso RAW, fayilo yosunga zonse zomwe sensa yaona, ili ndi pokhazika fulashi, zomwe P900 yakale ija inalibe.

Koma achimwene a pa boti, ndikuuzeni zinthu ziwiri zomwe mlendo uja sanakuuzeni. Choyamba, nkhwazi ija inali itatera, dzuwa lili bwino. Ikanyamuka kukagwira nsomba, kamera iyi imachedwa kupeza fokasi, mumatsala ndi madzi okhaokha. Chachiwiri, 2000mm pa boti loyenda ndi nkhondo. Injini ikunjenjemera, mafunde akukankha, mbalame imangolowa ndi kutuluka m'chithunzi. Pambali pa lenzi pali batani lobwezera zumu m'mbuyo kuti muipezenso, limathandiza, komabe ine pansi polimba ndimatsamira mtengo. Ndiye kwanuko mu Okutobala, kutentha kwa m'chigwa cha Shire, mpweya wa pamwamba pa madzi umachita kuvina. Chilichonse chili kutali chimatuluka chopindikapindika, kaya kamera ndi ya mtengo wanji. Zumu yaitali imangokulitsa kuvinako.

Kwa ine ndi chida chodziwira mbalame ndi kusunga umboni. Pa ntchito imeneyo sindingaisinthe ndi ina. Ku ukwati sindingapite nayo.

Wa mpira, Mzuzu
Bwanji osayang'ana pakati? Sony RX10 IV. Nayo lenzi yake sichoka, 24 mpaka 600mm, f/2.4 mpaka f/4, sensa ya inchi imodzi, yomwe ndi yaikulu pafupifupi kanayi kuposa ya P950. Fokasi yake imathamanga, imatha zithunzi 24 pa sekondi. Ndaonapo munthu akujambula nayo mpira masana, zinatuluka zabwino ndithu.

Mayi wa situdiyo, Zomba
Imeneyo ndi kamera yeniyeni achimwene, sindikana. Koma inatuluka mu 2017, yatsopano ikusowa, ndipo ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito anthu saigulitsa motchipa. Chinanso, 50mm yake ndi mabatire ake atani nazo? Akhala atataya zomwe madzi anamusiyira.

Madala okonza makamera, Limbe
Ndaona zonse mwalembazi. Kamera ya mwanayu ili pano pa tebulo panga, m'kati mwachita dzimbiri lobiriwira, ndiye ndilankhule za zomwe zatsala.

Mabatire a 750D ndi LP-E17. R10 imagwiritsa omwewo, R50 chimodzimodzi. Ndiye mabatire atatu ndi tchaja ali nazo kale, ndipo adzawafuna onse, chifukwa mirrorless imadya batire msanga. Poyang'anira pake ndi kasikirini koyaka nthawi zonse, osati galasi ngati pa yakale ija. 50mm ija ndi ya EF, mtundu wa lenzi za makamera akale a Canon. Ikalowa pa R10 kudzera pa adaputa ya EF-EOS R, fokasi n'kumagwira bwinobwino. Pa kamera ya sensa yotere 50mm imaona ngati 80mm, ndiye ndi ya nkhope za mkwati ndi mkwatibwi. Pa f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa lenzi yomwe ili pa f/5.6. Mphwanga, kalenzi kameneka ndiye chuma chako.

Tsopano pakati pa R10 ndi R50, samala apa. R50 ndi yotchipirapo, koma pokhazika fulashi pake palibe kachitsulo kapakati kaja komwe mafulashi akale amayakira. Fulashi yako singagwire popanda adaputa ina yotchedwa AD-E1. Anyamata awiri abwerapo pano akuganiza kuti fulashi yapsa, pomwe vuto ndi limeneli. R10 ilibe nkhani imeneyi, ndiponso ili ndi mawilo awiri ndi kabatani kosunthira fokasi ndi chala chachikulu. Munthu wa maukwati atenge R10.

Za fumbi ndinenekonso, chifukwa a ku Dzalanyama akhudza zosasintha lenzi. N'zoona, mirrorless ukachotsa lenzi sensa imakhala pamtunda, ndipo mphepo ya mu Seputembala pa msewu wafumbi siikhululukira. Zimitsa kamera, iloze pansi, sinthira m'galimoto kapena m'nyumba, ukhale ndi kopopera mpweya kamphira kaja m'chikwama. Osapuzira ndi pakamwa, osapukuta ndi malaya. Koma musaganize kuti za zumu yaitali fumbi sililowa. Lenzi ija ikamatuluka ndi kubwerera imakoka mpweya, ndipo fumbi likafika pa sensa ndiyenera kumasula kamera yonse. Ka mota ka zumu kakafa, kamera yonse yagona. Pa mirrorless lenzi ikafa, umaika ina n'kumaliza ukwati.

Wa boti, Liwonde
Madala, zikomo, za fulashizo sindikanazidziwa. Koma ndiye mbalame zanga ndizisiye? Kuno kuli zinthu zomwe alendo amawolokera nyanja. Kadzidzi wogwira nsomba uja, Pel's fishing owl, ndimadziwa mitengo yomwe amagona. Timbalame tobiriwira ta Lilian's lovebird timadzaza m'mitsanya. Chiyambireni bungwe la African Parks kuyendetsa paki ya Liwonde mu 2015, nyama zachuluka, mikango inabwereranso mu 2018, alendo akufuna zithunzi. Ndi 50mm ndijambula chiyani, njovu yokha?

Wa mbalame, Dzalanyama
Kadzidzi mwatchulayo ndi amene akuyankheni. Masana amakhala m'kati mwa mtengo wamasamba ambiri, mumthunzi wandiweyani. P950 ikafika kumapeto kwa zumu imakhala pa f/6.5, ndi kasensa kaja. Mumdima umenewo mupeza chithunzi chodziwira kuti ndi iyeyo, koma osati chopachika pakhoma la loji. Ndiponso inu muli ndi mwayi womwe ine ndilibe: boti limakufikitsani pafupi. Mbalame za m'mbali mwa madzi zinazolowera boti, mukazimitsa injini n'kumangoyandama zimakhala phee. Simufunika 2000mm. Mufunika 400 kapena 600 yogwira fokasi msanga. R10 imazindikira mbalame n'kutsata diso lake, ndipo imatha zithunzi 15 pa sekondi. Nkhwazi ikamatsika pamadzi, pamenepo ndi pomwe ine ndimasirira anzanga.

Madala okonza makamera, Limbe
Lenzi zake zilipo ziwiri. Yotchipa ndi EF-S 55-250mm IS STM, yogwiritsidwapo kale ntchito imapezeka yambiri ku South Africa. Ilowa pa adaputa yomwe ija, ndipo pa R10 ikhala ngati 88 mpaka 400mm. Ionetsetse kuti ndi ya STM, chifukwa pali zina zakale za dzina lofanana. Imeneyi ikuthandizanso m'tchalitchi momwe abusa salola kuyandikira kuguwa, bola kukhale kowala. Ukadzapeza ndalama, RF 100-400mm, yopepuka, magalamu 635 okha, ikufikitsa pa 640mm. Lenzi zonse ziwirizi zili ndi chochepetsa kugwedera m'kati mwake, zomwe n'zofunika chifukwa R10 payokha ilibe.

Achimwene akowo uwauze kuti ngati akugula yogwiritsidwapo kale ntchito, aijambulitse khoma loyera pa f/16 aone ngati pali madontho, ayese batani lililonse, ndipo atenge lisiti. Pa chipata cha Mwanza lisitilo lidzafunika.

Mayi wa situdiyo, Zomba
Usaiwale lenzi yotambalala, chifukwa 18-55 yako inamira. Chithunzi cha banja lonse kutsogolo kwa tchalitchi, ankhoswe mbali zonse, ndi 50mm uchita kubwerera mpaka kumsewu. R10 nthawi zambiri imagulitsidwa pamodzi ndi RF-S 18-45mm. Si yowala kwambiri, koma ndi fulashi yoloza kudenga imagwira ntchito. Chinthu chimodzi chomwe sindichikonda pa R10 ndi chakuti ili ndi polowetsa khadi pamodzi pokha. Gula makhadi awiri kapena atatu ang'onoang'ono m'malo mwa limodzi lalikulu, la ku tchalitchi palokha, la ku holo palokha. Lina likavuta sutaya ukwati wonse.

Wa mpira, Mzuzu
Ndagonja, R10 yapambana pa nkhani iyi. Koma ndalama zikwanira zonsezi? Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma.

Wa boti, Liwonde
Ndayankhula nawo achimwene pa foni usiku uno. Akuti R10 ndi 18-45 ndi adaputa zitheka ngati apeza yogwiritsidwapo kale ntchito. 55-250 ndiwonjezera ine, ndigulitsa mbuzi ziwiri ndi zomwe ndilandire ku Balaka. Makhadi agula iwo. RF 100-400 idikire chaka chamawa. A ku Dzalanyama, tsiku lina mubwere ndi P950 yanuyo tikwere boti limodzi, ndikakuonetseni kadzidzi uja, ndikufunabe kuigwira ndi manja anga.

Chatsala ndi Loweruka lino. Ndani ali ndi kamera ya Canon yoti ndibwereke tsiku limodzi? Ndilipira.

Mayi wa situdiyo, Zomba
Ndili ndi 700D yomwe ndimasungira padera, ndi 18-55 yake. Loweruka ndilibe ntchito yaikulu. Mabatire ake ndi a mtundu wina, LP-E8, ako salowa, ndiye ndikupatsa anga awiri ndi tchaja. Bwera Lachisanu masana pa minibasi udzatenge wekha, sindituma munthu. Ubweze Lolemba. Za kulipira usiye, udzandisindikizire chithunzi cha nkhwazi R10 ikafika. Koma pa boti isakwere.

Wa boti, Liwonde
Siikwera amayi. Lachisanu ndifika isanakwane 2 koloko.

Madala okonza makamera, Limbe
Lamba wa 750D ndamuchotsa, ndamuchapa, wauma, ndi wabwinobwino. Ndimupatsira mnyamata wanga akamapita ku Zomba Lachinayi, akamusiye ku situdiyo kwa amayi.