Mwana akufuna filosofi ndi ndale ku liberal arts college, tiyambire pati?

Nachisale_Area25:
Moni nonse. Mwana wanga wamkazi wakhoza MSCE ndi mapointi 11 ndipo wakakamira zokaphunzira filosofi ndi ndale ku America, ku sukulu zomwe amati liberal arts college. Bambo ake akuti amenewo ndi maphunziro a ulova, bola zamalamulo. Kodi sukulu zimenezi n'zotani kwenikweni, amalowa bwanji ndi MSCE, nanga akamaliza adzagwira ntchito yanji?

Mphunzitsi_Kawale:
Mayi, kusiyana kwake ndi kwathu kuno n'kwakuti sasankhiratu pulogalamu polowa, pomwe kuno timasankhiratu polembera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba. Ndi sukulu zazing'ono, zambiri za ophunzira pafupifupi 2,000, digiri yake ya zaka 4. Chaka choyamba ndi chachiwiri amatenga zosakaniza: masamu, sayansi, mbiri, chilankhulo, kulemba. Major, phunziro lomwe adzazamepo, amasankha chakumapeto kwa chaka chachiwiri. Nthawi zambiri ndi makosi 4 pa semesita, 32 onse pamodzi, ndipo major imodzi imadya makosi 8 mpaka 12. Ndiye filosofi ndi ndale zonse ziwiri zimakwana, malo n'kutsalako.

Mufilosofi muli logic, yomwe ili ngati masamu (ambiri sayembekezera zimenezo), muli za chikhalidwe chabwino ndi choipa, ndiponso funso lakuti boma limatenga kuti mphamvu zolamulira anthu. Adzawerenga Plato, Aristotle, Hobbes, Locke, Rousseau, Mill mpaka John Rawls ndi buku lake la 1971 lonena za chilungamo. Kalasi imakhala ya anthu 10 kapena 20 atazungulira tebulo, ndipo amene sanawerenge amaonekera poyera. Masamba opitirira 100 pa sabata si zachilendo.

Pomwe ana athu amagwera mpolemba. MSCE imawaphunzitsa kubwereza manotsi. Kumeneko pepala la masamba 5 limafuna kuti anene mfundo yake m'ndime yoyamba, apereke zifukwa, abweretse yekha chotsutsa champhamvu kwambiri, kenaka achiyankhe. Akangofotokoza zomwe Locke adanena osatsutsa kapena kuteteza, magiredi amatsika ngakhale Chingerezi chikhale chosalala. China, kukopera chiganizo osatchula mwini wake ndi mlandu waukulu, ena amaimitsidwa nawo sukulu.

Ayambe kuyeserera panopa ndi nkhani zakwathu. Atenge Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lino: kodi phungu wochoka m'chipani chomwe adasankhidwira ataye mpando? Mpando ndi wa chipani kapena wa anthu am'dera? Alembe masamba awiri, mbali zonse ziwiri. Akasangalala nayo ntchito imeneyi, maphunzirowa ndi ake.

Bambo_wa_ku_Biwi:
Ine ndilankhule za ndalama, poti ndi pomwe nkhani imathera. Sukulu zotchukazi mtengo wake umapitirira madola 80,000 pa chaka mukaphatikiza malo ogona ndi chakudya. Palibe chifukwa cholembera sukulu yomwe sipereka thandizo lokwanira kwa ochokera kunja. Amherst ndi Bowdoin sayang'ana thumba la makolo posankha ngakhale kwa akunja, koma mpikisano wake ngoopsa. Berea College ku Kentucky salipiritsa fizi ya maphunziro, ophunzira onse amagwira ntchito pasukulupo. Zina zambiri zimayang'ana kuti mukupempha zingati, ndiye wopempha zonse amafunika kukhala wakuthwa kwambiri.

Fomu yaikulu ndi Common App pa intaneti. Imafuna nkhani ya mwiniwake yosapitirira mawu 650, makalata a aphunzitsi (kawirikawiri awiri), kalata ya ahedi kapena woimira sukulu, ndi magiredi kuyambira Fomu 1 mpaka 4. Apa mpovuta: aphunzitsi amatumiza okha kudzera pa linki yomwe amalandira pa imelo yawo, ndipo ambiri amalemba mizere itatu yoti "ndi mwana wakhalidwe labwino". Kalata yotere sithandiza. Iyenera kutchula zomwe mwanayo adachita m'kalasi, komanso kufotokoza kuti pa MSCE 1 ndiye pamwamba, 9 ndiye kulephera, chifukwa wowerenga kumeneko akhoza kuziona mozondoka.

Early Decision, njira yolembera msanga, imatseka pa 1 kapena 15 Novembala, ndipo akakutengani mumakhala mwalonjeza kupita. Regular Decision, njira ya nthawi zonse, imatseka kumayambiriro kwa Januwale, mayankho amabwera chakumapeto kwa Malichi. Fomu ya zachuma, CSS Profile kapena ISFAA, ipite nthawi yomweyo. Wosapempha thandizo polowa, sukulu zambiri sizimulola kudzapempha pambuyo. Mayeso olowera a SAT sukulu zambiri sizikakamiza, koma kwa mwana wa MSCE zotsatira zabwino zimathandiza poti mayeso athu sawadziwa bwino. Ena amafunanso mayeso a Chingerezi monga TOEFL, IELTS kapena Duolingo.

Musanawononge ndalama pa mayeso, fufuzani za visa. Chakumapeto kwa 2025 boma la America lidaika Malawi pa mndandanda wa mayiko omwe lidawaletsa ma visa ena, a ophunzira omwe. Funsani a EducationUSA, omwe ali pansi pa ofesi ya kazembe wa America konkuno ku Lilongwe, momwe zilili panopa. Uphungu wawo ngwaulere. Musapatse ndalama madobadoba olonjeza malo.

Nachisale_Area25:
Zikomo kwambiri bambo. Nanga za ntchito zija? Kunyumba kuno ndiye funso lake.

Chemwali_wa_ku_Likuni:
Mayi, bambo akewo pena akunena zoona. Digiri imeneyi simupanga munthu kukhala loya. Ku America zamalamulo amaphunzira atamaliza digiri yoyamba, zaka zina 3, ndipo thandizo la ndalama kumeneko ndi lochepa. Ngati mtima wake uli pa uloya ku Malawi, njira yachidule ndi LLB, digiri ya zamalamulo ya konkuno.

Koma ulova umabwera akatenga filosofi ndi ndale zowerenga zokhazokha. Makosi otsala aja awagwiritse ntchito mwanzeru: awiri a statistics, awiri kapena atatu a zachuma, ndipo aphunzire R kapena Stata, mapulogalamu a pakompyuta osanthulira deta. Mabungwe a kuno ku City Centre, a zaulamuliro wabwino, ofufuza, Nyumba ya Malamulo, amafuna munthu woti atenge deta ya Afrobarometer (kafukufuku wa maganizo a anthu mu Africa), aisanthule, alembe masamba awiri omveka. Olemba bwino alipo, owerengera alipo, koma ochita zonse ziwiri ngosowa. Tchuthi chachitali cha Juni mpaka Ogasiti azigwira ntchito yoyeserera, makamaka kuno kumudzi, apo ayi adzabwera ndi pepala opanda womudziwa. Akabwera, digiriyo akaipititse ku NCHE kuti aiunike.

Musanyozenso Zomba. University of Malawi ili ndi dipatimenti ya filosofi komanso ya ndale ndi kayendetsedwe ka boma, ndipo za umunthu ndi zolemba za malemu Didier Kaphagawani zonena za momwe Achewa amaonera munthu akazipeza msanga kumeneko kuposa ku America. Alembere NCHE chaka chomwecho, asadikire za kunja zokha. Masters ya kunja ikhoza kubwera pambuyo.

Mphunzitsi_Kawale:
Ndaiwala chimodzi. Nkhani ya mawu 650 ija asalembe zoti akufuna kudzapulumutsa Malawi ku umphawi, amaziwerenga zambirimbiri zotero. Atenge funso limodzi lomwe limamuvutitsa, mwina lakuti mfumu yolowa ufumu mwa magazi imayenderana bwanji ndi khansala wochita kuvoteredwa, aonetse m'mene waliganizira. Ndipo alembe yekha.