Disc ya L4/L5, ma extension akungowonjezera ululu, nditani?

Tadala_PT: Anzanga thandizeni, mutu waima. Bambo a zaka za m'ma 40, dalaivala wa lole, sabata yachisanu ululu ukuchokera m'chiuno kutsika kunja kwa mwendo wamanja mpaka chala chachikulu. SLR (kukweza mwendo wowongoka atagona chagada) positive pa madigiri 40, dzanzi pamwamba pa phazi, EHL (mnofu wokweza chala chachikulu) mphamvu 4 pa 5, ankle jerk (kudumpha kwa phazi ukagogoda mtsempha wa kuchidendene) ili bwinobwino. MRI ikuti vuto ndi disc ya L4/L5, kakhushoni ka pakati pa mafupa a msana cha m'chiuno. Ndikangowagoneka chafufumimba kuti tiyambe ma extension a McKenzie (opinda msana chambuyo), ululu m'malo mobwerera kumsana ukuthamangira kuphazi. Kunyumba amangogona tsiku lonse, ati akuopa kuti disc ituluka yonse. Ndisiye kapena ndikakamire?

Madala_Fizio: Aikeni pa traction, makina okoka msana aja, basi mwanawe. Enafe tadzutsa anthu ambirimbiri ndi makina amenewa.

CO_Ortho: Tisanafike ku traction, akukodza bwanji? Afunseni mosabisa mawu: mkodzo ukutuluka wonse? Akamadzipukuta kuchimbudzi akumva? Azibambo sanena okha zimenezi, amachita manyazi. Tinalandirapo wina amene ankamusisita kwinakwake sabata zingapo, miyendo yonse iwiri dzanzi, chikhodzodzo chili tho, iye nkumati ndi mankhwala akumuletsa kukodza. Pofika ku theatre nthawi inali itatha. Anatuluka ndi catheter. Cauda equina, kufinyika kwa mitsempha ya kumapeto kwa msana kumeneku, sidikira appointment, ndi nkhani ya tsiku lomwelo.

Tadala_PT: Ndinafunsa achimwene, mkodzo uli bwino, saddle (pakati pa miyendo ndi kumatako) akumva, mwendo ndi umodzi.

CO_Ortho: Muzifunsa ulendo uliwonse akabwera, ndipo nawonso azidziwa zizindikirozo. EHL yo muziyesanso, ayende ndi zidendene mukuona. Ikatsika kufika 3 kapena phazi likayamba kukhwekhwereza, atumizeni kwa a surgeon, osadikira sabata 12.

Chisomo: Achemwali, munawavula shati nkuwaonera kumbuyo ataimirira? Ndikukayikira lateral shift. Ambiri amapendekera kumbali yosawawa, mapewa kumanzere chiuno kumanja. Shift ikakhalapo extension siyenda, mumangofinya mtsempha. Yambani ndi side glide pakhoma: phewa la kumanzere litsamire khoma, chigongono m'nthiti, chiuno achikankhire kukhoma pang'onopang'ono. Msana ukhoza kuwawa kuposa poyamba, palibe vuto bola ululu ukuchoka kuphazi kukwera. Ukatsika, lekani pomwepo. Ndipo si disc iliyonse imafuna extension.

Madala_Fizio: Zonsezo nzotaya nthawi. Traction, kenako lamba wa m'chiuno.

Chisomo: Madala, NICE, bungwe la ku UK lopereka malangizo a zachipatala, inanena kale mu 2016 kuti traction ndi malamba tisamapereke pa sciatica, ululu wotsika mwendo ngati umenewu. Ambiri amachira pa sabata 6 mpaka 12 ngakhale osawakoka, thupi limayamwa lokha chidutswa chotulukacho. Makina amangodyera pa ntchito ya thupi.

Madala_Fizio: A NICE wo anagwirapo wodwala wanga? Ine ndimaona munthu akubwera atanyamulidwa nkutuluka ndi miyendo yake.

Sisita_OPD: Ine changa nchakuti MRI isatitseke m'maso. Anthu ambiri osamva kuwawa kulikonse mukawajambula mupeza disc yotupa. Kunali mayi wina ankangolembedwa "disc, physio" mwezi ndi mwezi, chonsecho akuonda, thukuta usiku, ululu wosasiya ngakhale atagona. Inali TB ya msana. Muyezeni sikelo, mufunse za usiku.

CO_Ortho: Za kugonazo, auzeni kuti bedi ndi la tsiku limodzi kapena awiri. Aziyenda pang'onopang'ono kangapo patsiku. Chimene chingawabwezere m'mbuyo ndi kukhala nthawi yaitali pampando wa lole ndi kugwedezeka kuja, ndiye za chiwongolero adikire kaye.

Sisita_OPD: Mufunsenso zimene akumwa. Madalaivalawa amaphatikiza diclofenac ndi ibuprofen pamimba yopanda kanthu, ena brufen ndi ibuprofen poganiza kuti ndi mankhwala awiri osiyana. Akubwera ndi msana, kutuluka ndi zilonda za m'mimba kapena impso.

Chisomo: Nanga gabapentin yemwe akulembedwa ngati maswiti uja? Pa sciatica NICE inamukananso mu 2020. Munthu amangoti balala chizungulire, woyendetsa galimoto nkuopsa.

CO_Ortho: Kawauzeni olembawo, ife tinatopa.

Madala_Fizio: Ndiye mwakana traction, mwakana lamba, mwakana gabapentin, mwatsala ndi khoma. Mudzandifuna. Paja alipo akudziwa kumene amasoka harness ya makina? Yathu velcro yake yatha, wodwala akumatsetsereka tikangoonjezera kilo.