Kodi n'kwanzeru kuitanitsa Ford Mustang ya 1966 kuchokera ku America?

Bambo a Yamikani: Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene munayendapo njira imeneyi. Ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndigule galimoto yakale ya ku America yoti ndiziyendera Loweruka ndi Lamlungu basi, popeza ya kuntchito ndili nayo kale. Maganizo anga agawikana pakati pa Ford Mustang ya 1966 ya injini ya 289 V8 (injini yaikulu ya masilinda 8), imene ili ku Arizona ndipo mwini wake akufuna madola 24,000, ndi Chevrolet Impala ya 1967 ya zitseko zinayi, imene ili ku Ohio pa mtengo wa madola 15,000. Mtima wanga uli pa Mustang, koma Impala ndi yotsika mtengo ndiponso ingakwane banja lonse. Kodi ndi iti imene ndingatenge, ndipo kodi ntchito yonseyi ndi yoyenera ndalama zake ikafika kuno ku Lilongwe?

Amalume a ku Chilomoni: Bambo a Yamikani, ine mawu akuti galimoto yakale ya ku America ndikangowamva, mutu umayamba kundipweteka. Ndinagula Chevrolet Camaro ya 1968 kwa munthu wina wa kumeneko amene ananditumizira zithunzi zambirimbiri, galimoto yofiira yonyezimira, ndipo analumbira kuti ilibe dzimbiri ngakhale pang'ono. Itafika pa doko la Dar es Salaam inakana kulira, ndiye panafunika galimoto ina yoinyamula, ndipo pamene tinkafunafuna yonyamulayo ndalama zosungira pa doko zinali kuwerengedwa tsiku ndi tsiku. Itafika ku Blantyre, anyamata a ku galaja anachotsa kapeti, ndipo tonse tinaona simenti ya pansi kudzera pamene pamayenera kupondedwa ndi mapazi a dalaivala. M'mbali mwa matayala a kumbuyo munalibe chitsulo, munali phala lomatira lokhalokha limene analipaka penti bwinobwino. Nditamuimbira wogulitsa uja anandiuza kuti galimoto ya zaka zoposa 50 imakhala choncho, kenako anasiya kuyankha foni. Anthu amenewa amadziwa kuti munthu wa ku Malawi sangakwere ndege kukawatengera kukhoti, n'chifukwa chake amatigulitsa zimene anzawo akumeneko anazikana.

Achimwene a ku Houston: Pepani amalume, koma musaipitse magalimoto a dziko lonse chifukwa cha wakuba mmodzi. Ine kuno ndili nawo atatu, ndipo Mustang yanga si ya denga wamba ngati imene mukuionayo, bambo a Yamikani, koma ndi fastback ya 1967, ya denga lotsetsereka mpaka kumbuyo, imene mtengo wake simungauyerekeze ndi zimene mukutchulazi. Ine sindigula galimoto pa zithunzi. Mwezi wa January ndimapita ndekha ku msika wa magalimoto wa Mecum mu mzinda wa Kissimmee, ndimagwada pansi n'kuyang'ana kunsi kwa galimoto ndi tochi. Madola 24,000 pa Mustang ya V8 yochokera ku Arizona ndi ndalama zochepa kwambiri moti ine ndingayambe kukayikira kuti pali chimene akubisa. Kutumiza si nkhani, chifukwa mnzanga wina anatumiza yake ku Africa ndi madola osapitirira 2,000.

Mayi a Tadala: Ine funso langa ndi limodzi lokha. Kodi petulo wa V8 mukamufolera pa mzere uti?

Makaniko wa ku Biwi: Bwana, ine ndiyankha monga munthu amene galimotoyo idzamupeza ikadzayamba kutsokomola. Choyamba, Impala ya ku Ohio muiiwale pokhapokha wina akailowe kunsi. Ku Ohio, Michigan ndi madera ena ozizira amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuyambira kunsi, pamene ku Arizona n'kouma, dzuwa limangowononga penti ndi mipando. Kusiyana kwa mitengo kumene mukukuonako mwina n'kumeneko. Koma ngakhale Mustang ili ndi matenda ake. Ilibe chasisi yapayokha monga imene Impala ili nayo, thupi lake ndilo limanyamula zonse, choncho dzimbiri likalowa pansi ndiye kuti galimoto yonse yafooka. Palinso malo a pansi pa galasi la kutsogolo, pamene pamalowera mpweya, amene amawola mkati osaoneka. Muuzeni wogulitsayo athire madzi pamenepo akujambula kanema, ndipo madziwo akadonthera pa kapeti mudziwe kuti ntchito yake ndi yaikulu.

Chachiwiri, mufunseni nambala ya galimotoyo. Pa Mustang ya 1966, chilembo chachisanu ndicho chimanena injini imene inatuluka nayo ku fakitale: C, A kapena K ndiye kuti ndi 289 V8, koma T ndiye kuti inali ya masilinda 6 ndipo V8 anachita kuikamo pambuyo pake. Zimenezi si zachabe, chifukwa ya masilinda 6 inali ndi mabuleki ndi ma ekiselo ochepa mphamvu, matayala ake ogwidwa ndi mabawuti anayi m'malo mwa asanu. Musadalire makampani ofufuza mbiri ya galimoto pa intaneti, popeza iwo amagwiritsa ntchito nambala za zilembo 17 zimene zinayamba mu 1981.

Chachitatu ndi petulo wathu, amene amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Mapaipi akale a labala ndi tizipangizo ta m'kabuleta sizigwirizana naye, makamaka galimoto ikamakhalitsa osayenda monga mmene mukufunira inuyo. Zonsezo n'zofunika kusintha isanayambe kuyenda. Ndipo mudzandigulire masipanala a mainchesi, chifukwa anga onse ndi a mamilimita.

Alamu a ku Joni: Alamu, n'chifukwa chiyani mukufuna kuwoloka nyanja pamene zinthu zili pakhomo? Kuno ku South Africa kunkapangidwa magalimoto a mtundu womwewo, ndipo chiwongolero chake chili kumanja ngati athu. Chrysler Valiant inali galimoto yogulidwa kwambiri kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo injini yake ya masilinda 6 yopendekeka ija siifa msanga. Kulinso Ford Fairlane, Ford Ranchero ndi Chevrolet Constantia. Mumakwera basi, mumaiona ndi maso anu, mumaiyendetsa, mukagwirizana mumaikweza pa thiraki kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Dedza kapena Mwanza. Ndi theka la ndalama za Mustang yanuyo mungapeze Valiant yabwino n'kutsala ndi za penti.

Achimwene a ku Houston: Munthu wafunsa za Mustang, inu mukumupatsa Valiant ya agogo. Ndipo Constantia imene mukuitchulayo si ya ku America n'komwe, ndi Holden ya ku Australia imene anangoimata chizindikiro cha Chevrolet ku Port Elizabeth.

Alamu a ku Joni: Ikhale ya ku Australia kapena ya kumwezi, achimwene, koma dalaivala wake amaona kutsogolo akafuna kupitirira thiraki. Mustang sinatulukepo ku fakitale ndi chiwongolero cha kumanja mpaka mu 2015. Inu mumayenda m'misewu ya ku Texas yotakata, simukudziwa za kukhala kumbuyo kwa thiraki ya feteleza pa chitunda cha ku Dedza uli kumanzere, n'kumadalira mkazi wako kuti akuuze ngati kutsogolo kuli bwino. Pa zipata zolipiritsa za Kalinyeke ndi Chingeni zenera lolipirira lidzakhala mbali imene kulibe dalaivala, ndiye alamu anga azidzatsika kapena kukwawa pa mpando.

Wothandiza za msonkho ku Songwe: Bambo a Yamikani, onsewa akukangana za galimoto, koma chimene chimagwetsa anthu pano pa chipata si mtundu wa galimoto ayi. Madola 24,000 amenewo ndi poyambira chabe. Msonkho suwerengedwa pa mtengo wogulira wokha, koma pamodzi ndi ndalama zotumizira ndi inshulansi, ndipo umakwera galimoto ikakhala ya zaka zambiri komanso injini ikakhala yaikulu. Injini ya 289 ndi pafupifupi 4,700cc, ndipo galimotoyo ndi ya 1966, kutanthauza kuti mbali zonse ziwiri muli pamwamba penipeni. Musanatumize ngakhale dola imodzi, pitani ku bungwe lotolera misonkho la MRA ndi zikalata za galimotoyo akakuwerengereni, ndipo mupitenso ku ofesi yoona za pamsewu mukamve zimene angafune pa galimoto ya chiwongolero cha kumanzere.

Za madola 2,000 zimene anena achimwene a ku Houston, mwina akunena za sitima zimene galimoto imalowa ikuyenda yokha, kuchokera pa doko kufika pa doko. Galimoto ya mtengo wotere ine sindingaitumize choncho, chifukwa makiyi amakhala m'manja mwa anthu ambiri ndipo tizitsulo tonyezimira timasowa m'njira. Mu kontena amene ndawathandizapo analipira kuposa madola 5,000, osawerengera kuinyamula kuchoka ku Arizona kukafika ku doko, kumene si pafupi. Kumbukiraninso kuti a kasitomu a ku America amafuna kuona chikalata chenicheni cha umwini maola 72 galimoto isanatuluke m'dzikomo, choncho wogulitsa akamazengereza kukuonetsani chikalatacho, m'thaweni. Kenako pali nkhani ya madola enieniwo. Amene anali ndi katundu panyanja mu November 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, anapeza msonkho wawo utasintha katunduyo asanafike n'komwe.

Achimwene a ku Houston: Madola 5,000 amenewo ndiye kuti wina akudyapo. Komabe munthu amene akuwerenga makobidi a kontena sanakonzeke kukhala ndi galimoto ya mtundu umenewu.

Mayi a Tadala: Ndi zoona, achimwene, ifeyo sitinakonzeke, ndipo n'chifukwa chake ana athu ali pasukulu. Palibe wandiyankha za petulo.

Mnyamata wa ku Zolozolo: Amayi, petulo adzalipira ndi akwati. Galimoto ngati imeneyi ingamabwerekedwe pa maukwati Loweruka lililonse, ndiponso oimba angamaifune pojambula makanema awo. Ine ndikuona kuti Impala ndiyo yabwino pa bizinesi imeneyi, chifukwa ndi yaitali mamita pafupifupi 5.4, ndipo mkwatibwi ndi diresi lake lonse angakhale kumbuyo momasuka. Mu Mustang ya zitseko ziwiri mkwatibwi adzalowa chopindika.

Makaniko wa ku Biwi: Mwana wanga, mdipiti wa ukwati umayenda pang'onopang'ono dzuwa likuswa mtengo mu October, ndipo injini zimenezi zikamayenda choncho zimatentha ngati sunasinthe radiyeta. Tsiku limene idzazime pa Area 18 mkwatibwi ali mkati, bizinesiyo idzathera pomwepo. Kutalika kumene ukukuyamikirako n'kumenenso kudzaikhalitse pamimba pa mahampu a m'makwalala athu. Za petulo, amayi, V8 ya kabuleta ikayenda makilomita 6 pa lita imodzi muziyamika, ndipo thanki ya Mustang ya 1966 ndi ya malita pafupifupi 60, ndiye ulendo wa ku Blantyre mudzafika thanki itatsala pang'ono kuuma.

Achimwene a ku Houston: Yanga imayenda makilomita 9 pa lita, chifukwa inakonzedwa ndi akatswiri enieni.

Makaniko wa ku Biwi: Mwina mumaiyeza ikutsika phiri, bwana.

Agogo a ku Zomba: Ana inu mukuvutika ndi zakutali. Galimoto yakale yoyenera dziko lino ndi Mercedes-Benz W123 kapena Peugeot 504, zimene zinayenda m'misewu yathu ya fumbi kalekale ndipo amakaniko achikulire amazidziwa. Zikupezekabe zitaimikidwa pansi pa mitengo ya mango m'makomo mwa anthu, ndipo eni ake ena angakupatseni pa mtengo wa ng'ombe zochepa.

Makaniko wa ku Biwi: Pa zipangizo pokha ndiikira kumbuyo Mustang, agogo. Mu 1966 mokha anapanga zoposa 600,000, ndipo mpaka lero ku America kuli makampani amene akupanga chilichonse chatsopano, kuyambira pa labala wa chitseko mpaka chitsulo cha pansi. Galasi la Valiant kapena nyali ya Constantia mukazisaka kwa ophwasula magalimoto ku Joni, ndipo mukapeza mwa mwayi. Vuto la Mustang n'lakuti kachipangizo ka madola 30 kamafika kuno patapita milungu, katakwera mtengo katatu. Mabuleki akenso ndingawasinthe tsiku loyamba, chifukwa a 1966 ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta, moti paipi imodzi ikaphulika matayala onse anayi amasiya kugwira.

Bambo a Yamikani: Zikomo nonse, akuluakulu. Wogulitsa wa ku Arizona wanditumizira nambala, ndipo chilembo chachisanu ndi C, koma za kuthira madzi zija sanayankhebe. Ndikadali ndi funso langa loyamba lija: pakati pa ziwirizi nditenge iti, ndipo kodi alipo amene akudziwa munthu wodalirika woti akaione ndisanalipire?

Achimwene a ku Houston: Kuchoka kuno kufika ku Arizona ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa galimoto, ndiye mungafunike kundilipirira ndege ndi malo ogona. C ndi 289 yotsika pa zonse, ya mphamvu zochepa. Ikanakhala K, yamphamvu pa zonse, ndikanaigula ndekha musanamalize kulemba.

Alamu a ku Joni: Valiant imene ndimanena ija ikadalipo, alamu, ndipo kukaiona ndi ulere.

Amalume a ku Chilomoni: Bambo a Yamikani, ngati mtima wanu waumiriradi pa galimoto ya ku America, Camaro yanga ili pano pa Chilomoni, msonkho wake unalipiridwa kale ndipo bulu buku ilipo. Simudzavutika ndi doko, kontena kapena madola, chifukwa ine ndilandira makwacha. Pansi paja tinawotcherera malata olimba, ndipo kapeti ndi yatsopano.

Makaniko wa ku Biwi: Amalume, mukagwirizana mtengo mundiuze, ndibwera ndi maginito kudzayesa m'mbali mwa matayala a kumbuyo muja.