Kodi cooling tower ingaundane ndi chisanu cha muno mu Harare?

Mnyamata_wa_Mufakose:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndangoyamba ntchito pa fakitale ina ya mapulasitiki ku Southerton, andiika shifiti ya usiku, ndipo cooling tower yoziziritsa madzi a makina ndikuyang'anira ndine. Lamlungu makina anali ozimitsa koma fani ndi pampu ndinazisiya zikuyenda usiku onse, nde cha m'ma 5 koloko m'mawa ndikupita ndi tochi ndapeza kapinga wayera mbuu, pa ma louver, timipata tolowera mpweya ta m'munsi tija, pali ayezi opyapyala ngati galasi la wotchi. Kapitawo akuti ndisiye mantha kuno si ku Ulaya. Koma June yemweyu, July sanabwere n'komwe. Ndichite bwanji?

Madala_Workington:
Mwana wanga, kapitawoyo wanena zoona theka chabe. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, usiku wa June ndi July nthawi zambiri zimathera m'ma 6 kapena 7 digiri, koma kukakhala kopanda mitambo chisanu choyeretsa kapinga chomwe anzathu amati chando chija chimatsikira m'madambo, mbali za Mukuvisi uko. Tsono iwe walakwitsa pamodzi: fani. Tower imaziziritsa madzi pouma pang'ono ngati thukuta pathupi, nde mpweya ukakhala owuma ngati wa nyengo inoyi madzi amatha kuzizira kuposa mpweya omwewo, ndi zomwe mainjiniya amati wet bulb. Thermometer yapakhoma ikhoza kunena 3 koma timadontho touluka pa ma louver tafika kale pa 0. Makina akamagwira ntchito madzi amabwera ofunda, palibe vuto. Iwe umapemerera madzi ozizira kale usiku onse, umayembekezera chani? Makina akaima fani izime. Akamayenda pang'ono, chepetsa fani osati madzi, madzi akachepa pa fill, timapepala ta m'kati mwa tower tomwe madzi amatsetserekapo, m'pomwe ayezi amayambira.

NaPhiri_waku_Joni:
Achimwene ife kuno ku Johannesburg izi n'za chaka ndi chaka, mapaipi amaphulika ndithu. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, nde choyamba kusweka si tower yonseyo ayi koma tizinthu ting'onoting'ono, kapaipi kothira madzi mu beseni, float valve yotseka madzi beseni likadzaza, pampu yomwe yagona ndi madzi m'mimba. Pathu mu beseni muli hita imayaka yokha madzi akatsika kufika cha m'ma 4 digiri, mapaipi akunja tinawakulunga ndi lagging, zofunditsa mapaipi kuti asazizidwe, ndipo tikatseka masiku angapo timangokhetsa madzi onse basi. Koma hita ija samalani, isayake beseni lili louma, imapsa.

Chemwali_wa_Epworth:
Kkkk hita ya chani a NaPhiri, magetsi ake ati? Kuno akathima usiku ngakhale foni timatchajira kuntchito. Gulani lagging, ndalama yotsalayo mugulire mwanayu jekete.

Mnyamata_wa_Mufakose:
Jekete yo ndiye ndaivomera achemwali kkk. Zikomo madala, fani ndamva. Nanga ayezi akagwira kale ndingamagogode ndi sipanala? Komanso mnzanga wina akuti ndithiremo antifreeze wa galimoto.

Madala_Workington:
Sipanala isiye m'thumba. Fill ndi ma louver ambiri ndi a PVC, akazizira amakhala ngati bisiketi, ukagogoda uthyola ndipo adzakudula pa malipiro. Zimitsa fani, madzi ofunda aziyenda, asungunuka okha, kwathu kuno 8 koloko dzuwa lamaliza kale ntchito. Kumaiko ozizira kwambiri amatembenuza fani iziyenda chambuyo kwa kanthawi kuti mpweya ofunda utulukire pa ma louver, koma usayese wekha, motor ndi gearbox zina sizilola, ufunse wa zamagetsi kaye. Za antifreeze mnzakoyo asakupusitse, glycol, mankhwala a mu antifreeze aja, amathira mu makina otseka momwe madzi amazungulira mu koyilo osakumana ndi mpweya. Yako ndi yotsegula, azingotayika ndi madzi omwe mumakhetsa aja, ndalama kulowa mu ngalande. China, ukati wazimitsa zonse usasiye madzi atagona mu beseni masabata, kukayamba kutentha mu September muja mumaswana Legionella, tizilombo toyambitsa chibayo, nde polizanso muyambe mwatsuka ndi kuthira mankhwala. Loweruka usiku undiuze thermometer yanena chani, uyiike pansi pafupi ndi beseni osati pakhoma la ofesi.