Oda ya matrakisuti 150, koma tonse timakumana masiku anayi okha pa sabata

aPhiri a ku Mbare: Matelala anzanga kuno ku Harare, Zimbabwe, ndigawireniko nzeru. Ndalandira oda ya matrakisuti 150 kusukulu ina ya pulayimale, ndipo akufuna afike temu yachiwiri isanatsegulidwe mu May, poti chisanu chimakhala chayamba. Nsalu ndagula kale. Pashopu tilipo asanu. Bambo amene amadula nsalu ndi Msilamu, Lachisanu ikangokwana 12 koloko amapita ku mzikiti, kubwerako cha m'ma 2. Mtsikana woika mazipi ndi wa mpingo wa Masowe, Lachisanu lonse kulibe. Mayi wa pa ovaloko (makina omanga m'mphepete mwa nsalu) ndi wa Sabata, dzuwa likamalowa Lachisanu basi, tionana Lolemba. Ine ndi mayi akunyumba Lamulungu tili ku Misa. Muikepo maholide: masiku anayi a Pasaka, 18 April (tsiku la ufulu wa Zimbabwe) ndi 1 May. Sabata yatha ndinapsa mtima, ndinauza mayi wa ovaloko kuti Loweruka limodzi lokha Mulungu amvetsa. Anangozimitsa makina, kusasa ulusi pa siketi, n'kutuluka osayankha. Mpaka lero zikundivuta mumtima. Nditani?

Nabanda wa ku Mufakose: Achimwene, choyamba kapepeseni. Mayi ameneyo mukamutaya, wa ovaloko wodziwa ntchito simumupeza mawa. Chachiwiri, mwati Lachisanu akachoka muonana Lolemba. Lamulungu bwanji? Anthu a Sabata Lamulungu ndi tsiku lawo la ntchito. Amene watseka shopu tsiku limenelo ndinu, osati iwo.

Ankolo a ku Mabvuku: Nabanda wakhudza penipeni. Ine ndasoka zaka zoposa makumi atatu, ndine Msilamu, ndipo ndagwirapo ntchito ndi anthu a mipingo yonseyi. Vuto lanu aPhiri n'lakuti ntchito mwaimanga ngati unyolo: wodula akachoka, ovaloko ilibe chodya, ovaloko ikaima, wa mazipi akungokhala. Dulani unyolowo. Lachitatu ndi Lachinayi bambo wodulayo asagwire china, angodula. Ayale nsalu m'mipindo ingapo, alembe ndi choko, adule kamodzi, amange mitolo ya khumi khumi, saizi ataisomeka pamwamba ndi kapepala. Lachisanu m'mawa mayi wa ovaloko azidya mitoloyo mpaka 4 koloko, muwamasule afike kwawo dzuwa lisanalowe. Kumbukirani kuti kukamayandikira May limalowa msanga, cha m'ma hafu faifi, ndiye pali mzere wa kombi (minibasi). Loweruka mtsikana wa Masowe uja apeza mulu wa majekete ukudikira mazipi, inu ndi mayi mukulowetsa lasitiki m'mathalauza. Lamulungu perekani kiyi kwa wodulayo ndi mayi wa Sabata. Shopu ikhala yotsegula masiku asanu ndi awiri, koma aliyense wapemphera.

Telala wa ku Highfield: Ndiwonjezereko za lamulo, kuti musadzakokedwe. Labour Act, lamulo la ntchito kuno, imati wantchito aliyense apume maola 24 otsatizana pa sabata, ndipo tsikulo mukhoza kugwirizana nokha awiri, silinena kuti likhale Lamulungu. Koma pa holide ya boma, monga Lachisanu Loyera kapena 18 April, mukamugwiritsa ntchito mulipire kawiri, kaya iyeyo tsikulo salisunga.

aPhiri a ku Mbare: Za kawirizo sindinaziwerengere pa mtengo. Nanga kiyi? Muli makina anayi mmenemo, ndi nsalu ya eni ake.

Ankolo a ku Mabvuku: Munthu mumamupatsa sizasi kuti adule nsalu ya madola mazanamazana, mukuopa kumupatsa kiyi? Werengani mitolo Loweruka madzulo, lembani m'buku, muwerengenso Lolemba. China mwana wanga, mufunseni bambo wodula uja za Eid kukadali nthawi. Kumudzi ku Malawi Eid yotsekera Ramadan ndi holide ya boma, koma kuno ku Zimbabwe palibe Eid yomwe ili pa kalendala ya maholide, ndiye mabwana ambiri imawadzidzimutsa. Imabwerera m'mbuyo masiku khumi kapena khumi ndi limodzi chaka chilichonse, ndipo tsiku lenileni timalidziwa mwezi ukaoneka. Ine ndinatayapo ntchito pa fakitale ina chifukwa ndinauza kapitawo madzulo kuti mawa ndi Eid, iye n'kumati ndikunama, bwanji sindinanene kale. Ndikanatani, poti mwezi unaoneka usiku womwewo? Choncho pa kalendala muzizunguliza masiku awiri oyandikana, limodzi mwa iwo adzajomba. Ndipo Eid zilipo ziwiri, yachiwiri imabwera patapita miyezi iwiri ndi masiku pang'ono.

Nabanda wa ku Mufakose: Magetsinso musawadalire. Lamulungu akazima, anthu awiriwo akhale ndi ntchito ya manja: kudula ulusi, kusita ndi simbi ya makala, kupinda.

aPhiri a ku Mbare: Ndabweranso abale. Ndinapita kunyumba kwa mayi aja ndi mkazi wanga, tinapepesa, anatilandira bwino. Iwo okha ndi amene ananena kuti Lamulungu akhoza kuyamba 7 koloko. Kiyi ndapereka. Dzulo pobwera ku Misa ndinadutsa pashopu, ndinapeza mitolo isanu ndi umodzi yatha ovaloko, atayisanja pa tebulo malinga ndi masaizi. Tafika pa matrakisuti 64. Ankolo, kalendala ija tapachika pafupi ndi galasi, aliyense wazunguliza masiku ake ndi bolopeni ya mtundu wake. Tsopano mazipi a 45 cm obiriwira andithera, alipo amene ali nawo otsala ndidzatenge mawa m'mawa?